Bokosi la ma CD atatu a Miriam Makeba: lokoma, koma lathera panjira

Bokosili sindinagule ndekha, ndinachita kupatsidwa. Mwana wa achimwene anga, yemwe amadziwa kuti azakhali ake akadali kakaka ndi makina oimbira ma CD pamene anthu onse anasamukira pa foni, anafika nalo atalikulunga bwinobwino. "Azakhali, izi ndi zanu. Akuti m'menemu muli moyo wonse wa Mama Africa," anatero, chala chili pachikuto. Pachikutopo analembadi zomwezo m'Chingerezi, kuti ma CD atatuwa ndi ulendo wonse wa pa zoimbaimba wa Miriam Makeba, woimba wa ku South Africa amene anthu ankamutcha Mama Africa. Ndinathokoza, ndinavinako pang'ono, mwanayo n'kumangoseka. Tsopano patha miyezi iwiri, CD iliyonse ndaimvera kambirimbiri, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti nyimbo zimene zilimo n'zamtengo wapatali, koma mawu a pachikuto aja ndi bodza lamkunkhuniza.

Dzina la kampani imene inapanga bokosili sinditchula. Mabokosi otere, opangidwa ku Ulaya, alipo ambiri ndipo amafanana ngati mapasa, choncho zimene ndinene pano zikuthandizani pa lililonse limene mungalipeze. Ine ndaphunzitsa kwaya ndi zisudzo kwa zaka zoposa 30, ndiye khutu langa lili ndi matenda ake. Ndikamamvera woimba ndimafufuza pamene akupumira, ndipo ndimafuna kudziwa ngati akukhulupirira zimene akuimbazo. Mundikhululukire ndikachedwa pa zinthu zimene ena sangaziwerengere.

Ndiyambe ndi zooneka ndi maso. Bokosilo ndi la katoni wolimba, lovundukula pamwamba, ndipo pachikuto pali chithunzi cha Makeba ali mtsikana, tsitsi lalifupi losawongola monga ankakondera moyo wawo wonse. Ma CD ali m'timatumba tamapepala tothina kwambiri, moti kuti utulutse imodzi umachita kupanikiza m'mbali n'kumagwedeza. Tsiku loyamba lomwelo ndinasiya chidindo cha chala pa CD yachiwiri. Muli kabuku ka masamba 16. Amene anasankha zilembo zake anaiwala kuti ogula nyimbo za m'ma 1950 ambiri ndi ife ovala magalasi: tizilembo totuwa papepala lakuda, tating'ono ngati nyerere zili pamzere. Ndinakawerengera pawindo dzuwa lili paliwombo, apo ayi sindikanaona kanthu.

CD yoyamba ndiyo chuma cha bokosili. Muli nyimbo za ku Johannesburg za m'ma 1950, nthawi imene Miriam ankaimba ndi gulu la amuna la Manhattan Brothers, kenako ndi gulu la akazi la Skylarks pansi pa kampani ya Gallo. Nyimbozi zinatuluka pa zimbale zakale zija zozungulira ka 78 pa mphindi, zimene mbali imodzi inkangokwana mphindi zitatu kapena kuposerapo pang'ono, n'chifukwa chake iliyonse imatha usanakhute nayo. Kumbuyo kwa mawu kumamveka kaphokoso ka "shiii", ndipo pena ndi pena kuthetheka. Ndikuyamikira amene anakonza kamvekedwe kuti sanalimbane nako kwambiri kaphokosoka. Ndinamvapo nyimbo zomwezi pa intaneti zitatsukidwa mopitirira muyezo mpaka mawu a atsikanawo kumamveka ngati akuimbira m'chitini. Muno mawu ali ndi mnofu wake.

Mphunzitsi aliyense wa kwaya amvere Skylarks. Mawu awo amagwirana ngati zala za dzanja limodzi, ndipo wotsogolera sapondereza anzake. Miriam amatulukira pamwamba pang'ono, n'kubwerera m'gulu, n'kutulukanso. Pali nyimbo zina zimene akuimba ndi Spokes Mashiyane, katswiri wa kachitoliro ka chitsulo kamene kanatchukitsa nyimbo za kwela, ndipo kumva kachitoliroko kakuthamangitsana ndi mawu a mtsikanayu kumachotsa kutopa. Kabuku kaja kakanena zoona pamene kakuti pa nyimbo zonsezi za Skylarks Makeba sankalandira gawo la ndalama za malonda a zimbale. Ankalipidwa za tsikulo basi, zimbale n'kumagulidwa, phindu n'kumapita kwina.

Pali nyimbo ziwiri zimene ndikanakhala ine wosanja ndikanaziika moyandikana, koma muno ina ili koyambirira, ina kumapeto. Yoyamba ndi Lakutshona Ilanga, ya Mackay Davashe, ya m'Chixhosa. Munthu akufunafuna wokondedwa wake dzuwa likulowa, ndipo malo amene akukayang'anako ndi kuzipatala ndi kundende, chifukwa m'dziko la malamulo okakamiza anthu akuda kuyenda ndi mapasi munthu wakuda akapanda kubwera kunyumba madzulo, kumeneko n'kumene unkayambira kufunsa. Yachiwiri ndi Lovely Lies ya 1956, nyimbo yomweyo koma ataiveka mawu a Chingerezi a chikondi wamba, ndende ndi zipatala zonse atazichotsamo. Imeneyi ndiyo inakhala nyimbo yoyamba ya ku South Africa kulowa pa mndandanda wa nyimbo 100 zotchuka wa Billboard ku America. Ine ndimadumpha ndi batani kuti ndizimve motsatana. Mukatero mumva nokha kuti mawu a munthu mmodzi yemweyo amalemera mosiyana akamaimba zimene akuzidziwa ndi pamene akuimba zimene wapatsidwa.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa kwenikweni. Makeba anali wa zisudzo, ndipo bokosili lachita ngati silikudziwa. Kuchokera m'sewero la King Kong muli nyimbo imodzi yokha, Back of the Moon, ndipo kabuku kamalizira nkhani ya seweroli m'mizere iwiri. Mizere iwiri! Chonsecho seweroli ndilo linatsegula chitseko cha zonse zimene zinatsatira.

King Kong linayamba kuonetsedwa pa 2 Febuluwale 1959 mu Great Hall ya University of the Witwatersrand ku Johannesburg. Nyimbo zake anapeka ndi Todd Matshikiza, wotsogolera anali Leon Gluckman, ndipo nkhani yake inali yoona: moyo wa Ezekiel Dlamini, wankhonya wamphamvu amene anthu ankamutcha King Kong, yemwe anatchuka, n'kugwa, n'kupha chibwenzi chake, ndipo mu 1957 anadzimiza m'madzi ali mkaidi. Nathan Mdledle wa Manhattan Brothers ndiye anasewera ngati wankhonyayo. M'gulu la oimba zida munali Kippie Moeketsi, Jonas Gwangwa ndi mnyamata wina woliza lipenga dzina lake Hugh Masekela, amene pambuyo pake anadzakhala mwamuna wa Makeba kwa zaka zingapo. Osewera onse anali akuda, oonera anali osakanikirana, zimene m'dziko la tsankho lija zinali zachilendo, ndipo anthu pafupifupi 200,000 analionera.

Miriam, ali ndi zaka 26, anapatsidwa mbali ya Joyce, mwini shabini yotchedwa Back of the Moon. Amene munayesapo kuphunzitsa mtsikana kusewera mbali yotere mukudziwa kuvuta kwake. Mayi wa shabini ayenera kuoneka kuti chipinda chonse ndi chake, amuna oledzera amuope, makasitomala amukonde, ndipo pansi pa zonsezo woonera aone mkazi amene akudziwa kuti chikondi chimene walowamo chikhoza kumupha. Atsikana anga ambiri ankagwira chimodzi n'kutaya zinazo. Wina ankalusa kwambiri mpaka kukhala mfiti, wina ankanyengerera kwambiri mpaka kukhala chidole. M'nyimbo imodzi imene ili m'bokosiyi Makeba wagwira zonse. Akuitanira anthu ku shabini yake mosathamanga, mawu ali pansi, ngati munthu woti sakupempha aliyense kuti abwere chifukwa akudziwa kuti abwera. Ndinaibwereza kanayi usiku woyamba. Mbali yotereyi ankaidziwa kuchokera kunyumba. Mayi awo ankafulula mowa wa umqombothi, umene unali woletsedwa kwa anthu akuda, ndipo anamangidwa miyezi 6 Miriam ali ndi masiku 18 okha chibadwire pa 4 Malichi 1932, moti khandalo linayambira moyo m'ndende.

Chaka chomwecho cha 1959 anaonekera kwa mphindi zochepa akuimba mu kanema wa Lionel Rogosin, Come Back, Africa, amene anajambulidwa mobisa, ndipo kanemayo ndiye anawatengera ku chionetsero cha mafilimu ku Venice. Kuchoka apo London, kumene anakumana ndi Harry Belafonte, woimba wotchuka wa ku America, kenako New York. Pamene King Kong linkapita ku London mu 1961, Joyce anali Peggy Phango. Ine ndimaona kuti apa dziko linapeza woimba wamkulu koma nsanja ya zisudzo inaluza. Mtsikana amene akanatha kusewera mbali zikuluzikulu kwa zaka 40 anapezeka ali kudziko la eni, kumene masewero a anthu a mtundu wake, m'chilankhulo chake, kunalibe. Luso lija sanalitaye, analilowetsa m'nyimbo.

Umboni wake uli pa CD yachiwiri, imene yatenga nyimbo za zaka zoyambirira ku America, kuphatikizapo za m'chimbale chawo choyamba cha RCA Victor cha 1960. Kamvekedwe apa ndi koyera, situdiyo yake yapamwamba, ndipo ukhoza kumva mpweya ukulowa asanayambe mzere. Muli Qongqothwane, nyimbo ya paukwati ya Chixhosa imene azungu anaitcha The Click Song chifukwa lilime lawo linkakana kutchula dzina lake, zomwe mayiwa ankakonda kuwaseka nazo pa nsanja. Muli Mbube ya Solomon Linda. Muli Suliram, nyimbo yogonekera mwana ya ku Indonesia, imene amaiimba mofewa ngati anabadwira komweko. Koma imene ndikufuna muimvere ndi makutu a zisudzo ndi One More Dance, yomwe akuimba ndi Charles Colman.

Nkhani yake ndi yachibwana. Mwamuna akuuza mkazi amene akuvina naye kuti apite kunyumba chifukwa mwamuna wake wokalamba wadwala. Mkaziyo akuti tivineko kamodzi kokha. Akuti matenda akula, iye akuti kamodzi kokha. Akuti wamwalira, iye akadali pomwepo. Atangomva kuti akukawerenga za chuma cha masiye, gule wathera pompo. Colman akuseka chikhakhali nyimbo yonse mpaka kulephera kutulutsa mawu, ndipo Makeba ali phee, osagwedezeka, akuyankha ndi mawu aulemu a mkazi wosalakwa. Aliyense amene anaimapo pa nsanja akudziwa kuti palibe chovuta ngati kusaseka mnzako akuseka. Ndinaitana mwana wa achimwene uja kuti amve. Poyamba ankangoyang'ana foni yake, koma pofika pakati anali atagwira pamimba. "Azakhali, mayi amenewa anali oopsa," anatero akupukuta misozi. Ndinamuuza kuti chimene wamvacho ndi Joyce wa mu shabini uja, wangosintha diresi.

Tikumbukire kuti mkazi amene akuseketsa anthuyu anali pa mavuto aakulu chaka chimenecho. Pa 21 Malichi 1960 apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville. Chaka chomwecho mayi ake anamwalira, ndipo atafuna kupita kumaliro anapeza kuti boma la South Africa lathetsa chiphaso chake choyendera. Kabuku kakutchula zimenezi, ndipo mpaka apa kakuyenda bwino ndithu.

Ndiye mwadzidzidzi, pofika 1962, bokosi lija mphamvu zathera pomwepo. Chifukwa chake si chinsinsi, ngakhale pachikuto sanalembe. Ku Ulaya, umwini wa nyimbo yojambulidwa unkatha pakapita zaka 50. Mu 2013 lamulo linasintha n'kukhala zaka 70, koma silinabwerere m'mbuyo kukatenga zimene zinali zitamasuka kale. Choncho zojambulidwa zonse zimene zinatuluka chisanathe chaka cha 1962 kampani iliyonse kumeneko ikhoza kuzisindikiza popanda kupempha eni zimbale, pamene za 1963 kupita m'tsogolo ziyenera kulipiridwa. Onjezerani apo kuti nyimbo za Makeba zinamwazikana m'makampani ambiri, Gallo, RCA Victor, Kapp, Mercury, Reprise, Syliphone, Warner ndi ena, ndipo kuti uzisonkhanitse pamodzi uyenera kugogoda pa makomo onsewo ndi chikwama m'manja. Opanga bokosili anagogoda pa makomo ochepa kwambiri.

Zotsatira zake ndi CD yachitatu, imene ikuyenera kunyamula zaka 46, kuchokera 1963 mpaka 2008, koma yangotolera nyenyeswa. Chikomekome cha mkuyu. Pata Pata ilimo, koma si ija ya 1967 ya Reprise imene inafika pa nambala 12 ku America, ija ya piyano yodumphadumpha imene aliyense amaidziwa ikangoyamba. Muno aikamo yojambulidwa pa konsati, ndipo kabuku sikakunena kuti konsati yake inali kuti kapena liti. Malaika nayonso ndi ya pa konsati. Nyimbo ina ikumveka pansi, yotsatira ikubwera ndi mkokomo moti umathamangira kukachepetsa, ndipo kuwomba m'manja kwa anthu akukudula mwankhanza ngati wina wazimitsa magetsi. Nyimbo yachisanu ndi chiwiri imadumpha pamakina anga. Pa kompyuta ya mwana uja ikuyenda bwino, ndiye mlandu umenewo ndausenzetsa makina anga okalambawo.

Taonani zimene munthu wogula bokosili ngati "moyo wonse" sadzazimva. Mu 1963 Makeba anakaima pamaso pa komiti ya United Nations yolimbana ndi tsankho n'kupempha mayiko kuti achitepo kanthu pa boma la South Africa. Boma linawalanda unzika, zimbale zawo n'kuletsedwa kwawo. Mu 1965 anatulutsa chimbale ndi Belafonte, An Evening with Belafonte/Makeba, chimene chinapata mphoto ya Grammy mu 1966, ndipo munali nyimbo zodzudzula boma la tsankho mosabisa. M'bokosimu mulibe ngakhale imodzi ya m'chimbale chimenecho. Mu 1968 anakwatiwa ndi Stokely Carmichael, mtsogoleri wa achinyamata akuda omenyera ufulu ku America, ndipo nthawi yomweyo makonsati anayamba kulephereka, makampani n'kufufuta mapangano. Munthu amene chaka chapitacho dziko lonse linkavina nyimbo yake anapezeka alibe koimba.

Anasamukira ku Guinea, kwa mtsogoleri wa dzikolo Sékou Touré, ndipo anakhalako zaka pafupifupi 15. Kabuku kathu kazipatsa zaka zimenezi chiganizo chimodzi, ngati kuti mayiwa anapita kutchuthi. Kwa ine imeneyi ndiyo nthawi yokoma kwambiri ya kuimba kwawo. Anali ndi gulu la anyamata a ku Guinea, magitala awo oluka ngati ukonde, ankajambula ku kampani ya boma ya Syliphone, ndipo anayamba kuimba m'zilankhulo za kumeneko kuwonjezera pa Chixhosa, Chizulu, Chiswahili ndi Chingerezi. Mawu anali atakhwima, osathamanga, ndipo mantha ofuna kusangalatsa azungu a m'makalabu a New York anali atatha. Anaimba ku Algiers mu 1969 pa chikondwerero cha chikhalidwe cha Africa, ku Kinshasa mu 1974 pa chikondwerero chimene chinakonzedwa pamodzi ndi nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman, ndi ku Lagos mu 1977. Anakhalaponso nthumwi ya Guinea ku United Nations. Soweto Blues, imene Masekela anapeka polira ana asukulu amene anaphedwa mu Juni 1976, ndi ya nthawi yomweyi. Nkhani ya Guinea ili ndi minga yake, chifukwa Touré anali wolamulira wankhanza amene anazunza ndi kupha anthu ambiri kundende ya Camp Boiro, ndipo Makeba anali mlendo wake wolemekezeka. Kabuku kolemba mbiri ya munthu kayenera kulimba mtima n'kuikhudza nkhani imeneyi. Aka kangoilambalala.

Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti dzina la Bongi mulibe paliponse. Bongi anali mwana yekhayo wa Makeba, wobadwa mu 1950, woimba komanso wopeka, ndipo nyimbo ya Lumumba imene mayi ake ankaimba anapeka ndi iyeyo. Anamwalira mu 1985 pa zovuta za uchembere, ndipo zitatero mayiwa anachoka ku Guinea kupita ku Brussels. Sungamvetse mawu a Makeba a zaka zotsatira usakudziwa kuti akuimba ndi mayi amene anaika mwana wake m'manda kudziko lachilendo, atalephera kale kuika mayi ake kwawo.

Mawu amenewo ali m'chimbale cha Sangoma cha 1988, chimene chinatuluka pambuyo pa ulendo wa makonsati wa Graceland wa 1987, umene Makeba anayenda nawo ndi woimba wa ku America Paul Simon, uja anaimbanso ku Rufaro Stadium mu Harare. Ndinali nacho pa kaseti mpaka wailesi inaitafuna. Ndi nyimbo zimene anaphunzira kwa mayi awo, amene anali sing'anga wa Chiswazi, ndipo malo ambiri anajambula mawu awo kangapo n'kuwasanjikiza, moti umamva mayi mmodzi akutsogolera, akudziyankha, akudzipangira kwaya yekha. Zida n'zochepa, ng'oma ndi manja. Mawu atsika, ali ndi mchenga pang'ono, mpweya wafupika poyerekeza ndi mtsikana wa Skylarks uja, koma amadziwa pamene angaugwiritse ntchito. Oimba achinyamata amaganiza kuti ukalamba umangochotsa. Ndikanakonda bokosili likanaika nyimbo imodzi ya 1957 pafupi ndi imodzi ya 1988 kuti amve okha zimene zaka 30 zimawonjezera pakhosi pa munthu. Mulibe.

Za kubwerera kwawo pa 10 Juni 1990, Nelson Mandela atatuluka m'ndende, patatha zaka 31 ali kunja, kabuku kakutchula ndi chithunzi chimodzi chabwino. Koma kaiwalanso zisudzo. Mu 1992 anasewera mu filimu ya Sarafina!, yochokera ku sewero la pa nsanja la Mbongeni Ngema, pamodzi ndi Leleti Khumalo ndi Whoopi Goldberg. Anali Angelina, mayi wa Sarafina, wogwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu, amene mwana wake amamuona ngati wogonja mpaka mavuto atamuphunzitsa kuti kupirira kuja kunali nkhondo yakenso. Mbali yake ndi yaifupi, ndipo amaisewera mosakweza mawu, ndi mapewa ndi maso basi. Mayi ake enieni a Makeba anagwirapo ntchito yomweyo, iyenso ali mtsikana analerapo ana a azungu. Kuyambira pa Joyce mpaka pa Angelina papita zaka 33, ndipo mbali ziwirizi zikanakwana kukhala msana wa kabuku konse kakanakhala kolembedwa ndi munthu wosamala.

Zotsalazo kabuku kakuzithamangira m'ndime imodzi, inenso ndithamange: chimbale cha Homeland mu 2000, mphoto ya Polar Music Prize ku Sweden mu 2002, ulendo wotsanzikana ndi owakonda umene unayamba mu 2005 koma osatha chifukwa mayiwa kusiya kuimba kunkawakanika. Usiku wa pa 9 Novembala 2008 anaimba ku Castel Volturno ku Italy, pa konsati yothandiza mlembi Roberto Saviano amene ankaopsezedwa ndi zigawenga za Camorra. Atamaliza Pata Pata anagwa ndi matenda a mtima, ndipo anamwalira ali ndi zaka 76. Apa kabuku sikanalakwitse tsiku kapena malo.

Ndiye mugule kapena ayi? Ngati mukufuna Makeba wachitsikana, wa ku Johannesburg ndi wa zaka zitatu zoyambirira ku New York, ma CD awiri oyambawo ndi abwino kwambiri, kamvekedwe kake n'kosamalidwa, ndipo nyimbo zina za Skylarks zimene zilimo n'zovuta kuzipeza pamalo amodzi. Aphunzitsi a kwaya ndi a zisudzo mupindula nazo. Ngati mukugulira munthu amene sanamvepo Makeba ndipo akuyembekeza Pata Pata imene amaimva pawailesi, adzakhumudwa pa CD yachitatu, ndipo adzaganiza kuti mayiwa anaimba zaka 10 n'kuzimirira. Musanalipire bokosi lililonse lotere, litembenuzeni muone zaka zimene zalembedwa pafupi ndi nyimbo iliyonse. Mukaona kuti palibe chaka chopitirira 1962, kapena zaka sanalembe n'komwe, mwadziwa chimene mwagwira.

Mwana wa achimwene uja anabweranso sabata yatha n'kundifunsa ngati mphatso yake inandisangalatsa. Ndinamuuza kuti kwambiri, ndipo sindinaname. Kenako anaona kapepala kamene ndinamata pachikuto, pamwamba pa mawu aja akuti moyo wonse, pomwe ndinalembapo ndi bolopeni kuti "mpaka 1962". Anaseka, n'kutulutsa foni. "Chabwino azakhali, chimbale chinacho mwati dzina lake ndani?" Ndinamutchulira Sangoma chilembo ndi chilembo, ndipo ndinamuuza kuti akachipeza afufuzenso za ku Guinea.